Nyumba Yopanda Mwamuna

Patatha masiku asanu ndi anayi titaika amayi m'manda, mndandanda watsopano unamatidwa pachitseko cha shedi. Ndinali kumpopi ndikutsuka ndowa pamene ndinaona anthu akuunjikana. Sindinathamange. Kwa miyezi isanu ndi iwiri banja lathu linali pa nambala 4, ndipo munthu wa pa nambala 4 sathamangira mndandanda. Nditafika anthu anandipatukira okha, ngati mmene ankachitira tsiku la maliro. Ndinayang'ana pamwamba, panalibe. Ndinatsitsa chala pang'onopang'ono mpaka ndinachita kuwerama. Tinali pa nambala 38.

Nyumba zomwe zinali zitatha kumangidwa zinali khumi ndi ziwiri zokha.

Shediyo kale ankasungiramo matumba a simenti. Madzi atakokolola nyumba za kumunsi kwa mlatho, mabanja makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi chimodzi tinaikidwa mmenemo, akuti kwa masabata awiri. Banja lililonse linadzidulira malo ake ndi masaka, makatoni ndi zingwe. Ukayetsemula, wa mbali inayo ndiye ankakufunsa ngati wadwala. Pansi sipankauma, ndipo m'mawa uliwonse tinkatulutsa zogonera kukayanika pampanda. Amayi ankati tikugona pamphuno ya galu.

A ku ofesi ya zanyumba anati makiyi sadzapereka potengera amene anafika msanga, koma amene ali pamavuto kwambiri. Zinamveka bwino, nane ndinawomba nawo m'manja. Mavutowo ankawayeza ndi mapointi. Wodwala matenda okhalitsa, khumi. Mwana wosakwana zaka zisanu, asanu. Nkhalamba, asanu. Nyumba yopanda mwamuna, asanu ndi imodzi. Mukapezeka mwamuna wamphamvu woti angagwire ntchito, ankachotsa asanu ndi atatu. Ndinkazidziwa pamtima chifukwa ndine ndinkalembera anthu mafomu. Ndinaphunzirako zaka ziwiri kukoleji, ndikufuna kudzaphunzitsa masamu, ndipo m'shedimo ankanditcha Wakoleji, ena mwaulemu, ena mondinyogodola.

Amayi ali moyo tinali ndi mapointi makumi awiri: khumi a khansa yawo, khumi a ana awiri a achemwali anga. Ine sankandiwerenga ngati mwamuna wamphamvu, chifukwa ndinalembedwa kuti wosamalira wodwala. Sikunali kunama. Sukulu ndinasiyira kuti ndiziwatembenuza, kuwamwetsa mankhwala ndi kuwabereka kupita nawo kumsewu tsiku lachipatala, poti achemwali ankakhala tsiku lonse kochapa zovala za anthu, ndipo bambo wa anawo anapita kukafuna ntchito, foni yake n'kusiya kulira. Tsopano amayi atapita, khumi awo anapita nawo, ndipo ine ndinangodzuka m'mawa wina ndili mwamuna wamphamvu. Tinatsala ndi awiri.

Kuseri kwa makatoni athu kunkakhala Atelala ndi akazi awo. Mayiwo anafa mbali imodzi ya thupi, ndipo akamalankhula mawu ankatuluka okhota, oti amuna awo okha ndiwo ankamva. Atelala tsitsi linali mbuu. Anthu ankawaseka kuti tsiku la madzi anayamba apulumutsa makina osokera, kenako mkazi, ndipo iwo ankayankha kuti, "Makina salongolola." Kwa miyezi yonseyi anali pa nambala 13, phazi limodzi kunja kwa mpanda. Ife titagwa, aliyense wa pansi pathu anakwera sitepe imodzi.

Masana a tsiku la mndandandalo Atelala anakhosomola pasaka lomwe linali chitseko chathu.

"Odi kuno."

"Lowani, bambo."

Analowa atanyamula kadiresi ka mwana wamkulu wa achemwali, komwe anakatsekera chibowo, n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Ndaona pepala lija," anatero, maso ali pansi.

"Tonse taona."

"Ine sindinapemphe zimenezi, Wakoleji. Amayi ako ankagawana sopo ndi mkazi wanga. Nyumba yobwera ndi maliro a mnzako, aaa." Anapukusa mutu.

"Musavutike mtima, bambo. Simunawaphe ndinu."

Ndinanena ngati nthabwala, koma palibe anaseka. Achemwali ankapinda malaya a eni ake, osadzutsa mutu.

"Tikakalowa muzikabwera," anatero Atelala. "Mvula ikavuta, anawa azikagona kwathu."

"Zikomo, bambo," anayankha achemwali, mawu ouma ngati chikuni.

Atatuluka tinamva makina akuyamba kulira. Analira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mawa lake tinadziwa kuti akulumikiza zigamba zotsala pa ntchito za anthu, kusoka makatani a mawindo a nyumba yatsopano.

Nkhani zathu tinkakambira kuchingwe choyanika zovala, chifukwa m'shedimo ngakhale kunong'ona kunali kulengeza. Lachisanu ndinawapeza achemwali kumeneko akufinya mashiti, khanda lili kumsana. Khandalo linali ndi chifuwa chomwe sichinkamva mankhwala, likapuma mumamva ngati wina akukoka udzu wouma. Wamkuluyo, yemwe tinkamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka, ankasewera ndi zopanira zovala, akuziphunzitsa nyimbo.

"Gwira uku," anatero achemwali. Ndinagwira shiti, tinapotokola. "Wailesiyu akwanitsa zaka zisanu mwezi wa mawa. Ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye asanu ake apita. Nyumba zina adzamanga liti?"

"Akuti ndalama zikapezeka."

"Akuti." Analikung'untha shitilo mwamphamvu. "Iwe, bwanji sungoponya nsapato zako m'thumba ngati amuna anzako?"

M'shedimo munali akazi angapo olembedwa kuti alibe amuna, amuna awo akugona momwemo. Mayi wa ku ofesi, yemwe tinkamutcha Mayi Mafomu, akabwera kudzayendera sankafunsa zambiri. Ankangoyang'ana nsapato pakhomo, lamba pamsomali, lezala pazenera. Ndiye Lachitatu lililonse m'mawa thumba linkazungulira, amuna n'kuponyamo nsapato ndi mathalauza, mmodzi n'kukakhala nalo kuseri kwa zimbudzi mpaka galimoto ya ofesi itanyamuka.

"Ine sindingabisike, achemwali. Mafomu onse ali m'kabati mwawo ndi dzanja langa. Akafika amayamba afunsa kuti Wakoleji ali kuti."

"Ndiye nzeru zakozo zatithandiza chani? Anzako mbuli akulowa m'nyumba, iwe wophunzira ndiwe mtolo."

Atangotero anadzigwira pakamwa. Ine ndinatola shiti lina. Tinapotokola, madzi akugwera pamapazi.

"Tandiwerengera," anatero patapita nthawi, mawu ali pansi. "Ndikungofunsa. Tikanakhala atatu okha, ine ndi anawa?"

Sindinachite kuganiza. Ndinali nditawerenga kale tsiku lomwe ndinawerama pachitseko paja.

"Khumi ndi asanu ndi imodzi."

"Imeneyo ndi nambala chani?"

"Thwelofu."

"Nanga Atelala?"

"Ali ndi khumi ndi asanu."

Achemwali anayang'ana kushedi. Ngakhale tinali kutali, makina ankamveka. Khanda linayamba kutsokomola, iwo n'kulisuntha kumsanako, kuligwedeza mpaka linaleka.

"Ndimangofunsa," anatero.

Lolemba ndinavala malaya omwe ndinavala pamaliro, ndinapita ku ofesi. Inali pamwamba pa sitolo ya zitsulo, masitepe ake akununkha penti ndi mkodzo wa mphaka. Pabenchi panali anthu a m'misasa ina, aliyense ndi kapepala kake kopindapinda. Mayi wina anabwera ndi agogo ake pamsana, kuti a ofesi adzaone okha kuti nkhalambayo ilipodi. Ndinadikira mpaka masana.

Mayi Mafomu anali atakhala pakati pa milu ya mafayelo omangidwa ndi zingwe. Fani yapadenga sinkazungulira. Patebulo panali kapu ya tiyi yomwe inazizira kalekale, ntchentche ikuyenda m'mphepete.

"Wakoleji. Pepa ndi maliro, mwana wanga. Pepala losintha lija ndinalemba ndekha, dzanja linkalemera."

"Zikomo, mayi."

"Wabwera kudzadandaula?"

Sindinabwerere zimenezo, koma atandifunsa pakamwa panatseguka pokha.

"Amayi anga anadikira miyezi isanu ndi iwiri pasimenti yonyowa ali pa nambala 4. Munati nyumba zitha mvula isanayambe."

"Malata anachedwa."

"Ndinasiya sukulu chifukwa cha iwo. Masiku apitawa ndinali wosamalira wodwala, lero ndine wamphamvu. Mphamvuzo zachokera kuti? Ntchito yake ili kuti?"

"Fomu ilibe bokosi la zimenezo." Anavula magalasi, n'kupukuta m'maso. "Ukuganiza kuti sindikudziwa? Lachisanu ndinatsitsa mayi wina chifukwa mwana wake wachira. Wachira! Mayiyo analira ngati mwanayo wafa. Koma ndikasiya mapointiwa, ndizigawa bwanji? Ndi nkhope? Ndi amene walira kwambiri? Kale tinkatero, ndipo makiyi ankapita kwa azibale a mabwana."

Zomwe ankanena zinali zoona, ndipo n'zimene zinkandiwawa kwambiri.

"Ndikufuna mundichotse pabanja lathu," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lachikasu. Sanachite kufunafuna, linali pamwamba penipeni.

"Umvetsetse kaye. Ukasaina apa, Lachitatu ndikabwera ndisadzakupeze m'shedi muja, ngakhale mswachi wako. Uzikagona kuholo ya amuna osakwatira, kuseri kwa depoti ya mabasi. Amatsegula dzuwa likalowa, m'mawa aliyense panja. Kumeneko kulinso mndandanda, koma chiyambireni ntchito ino sindinaonepo mwamuna wa kuholo akulandira makiyi."

"Ndamva."

"Sindinathe. Achemwali ako akalandira nyumba, kwa zaka ziwiri usadzagonemo ngakhale tsiku limodzi. Pachipata pali woyang'anira, amalemba wolowa ndi wotuluka. Akangokayikira kuti m'nyumba muli mwamuna, amatumiza lipoti, ndipo lipoti likafika pano si ine wogamula. Nyumba amalanda."

"Ndamva, mayi."

Anatsegula fayelo ya shedi yathu, chala chikutsika pamndandanda, n'kuima.

"Ukudziwa amene atsike?"

"Ndikudziwa."

"Ndi pointi imodzi yokha."

"Ndinawerenga."

Anandipatsa cholembera. Sichinkalemba bwino, ndinachita kubwereza dzina langa kawiri pamwamba pomwepo.

Nditabwerera ndinawapeza achemwali akusita malaya pabulangete. Ndinawaonetsa pepala lachikasulo. Sadziwa kuwerenga bwino, koma mtundu wake ankaudziwa.

"Wasaina kale?"

"Eya."

"Osandiuza?"

"Munandiuza ndinu."

"Ine ndinangofunsa masamu!"

"Nane ndangoyankha masamu."

Anaika chitsulo pansi, n'kundimenya paphewa ndi chibakera, kawiri, katatu, akulira popanda mawu kuti a mbali inayo asamve. Ndinaima osasuntha. Ndinkadikira kuti anene kuti ndibwerere ku ofesi ndikaling'ambe. Ndikanakana, koma ndinkafuna ndimve akunena. Anapukuta misozi ndi chigongono, n'kundifunsa ngati kuholoko amapereka mabulangete.

"Sindikudziwa."

"Utenge la amayi."

Bulangetelo linali lidakanunkha mafuta omwe ndinkawapaka m'miyendo. Ndinalipinda ndi kuliika pansi penipeni pa chikwama, pamwamba pake mabuku awiri a masamu ndi zovala. Katundu wanga yense anakwana m'chikwama chimodzi, malo n'kutsala. Wailesi anakhala pamenepo akundipatsa zinthu chimodzichimodzi.

"Amalume, mukupita kusukulu?"

"Eya, kusukulu."

"Mukandibweretsere choko."

Lachiwiri masana, ndisananyamuke, ndinakaima pasaka la Atelala. Ndikanatha kungochoka. Mndandanda ukanatuluka Lachisanu ine kulibe.

"Odi, bambo."

"Wakoleji! Lowa, udzaone." Anatambasula katani imodzi m'mwamba. Inali ya zigamba zobiriwira, zofiira, zamaluwa, zamizeremizere, koma yosokedwa mwaluso moti munthu ukanaganiza kuti anachita kufuna. "Iyi ndi ya kuchipinda. Bwana wanga uyu akuti ikuoneka ngati nkhanga yamenyedwa ndi mvula."

Akazi awo anali atatsamira khoma, pilo kumsana. Anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope, n'kunditambasulira dzanja lamoyolo. Ndinaligwira. Kenako Atelala anaona chikwama.

"Ulendo wa kuti?"

Ndinawauza. Ndinayamba ndi chifuwa cha khanda, ndi zaka za Wailesi, ndi pepala lachikasu, ndipo ndisanafike pa nambala anali atamva kale. Anaipinda kataniyo bwinobwino, ngodya ndi ngodya, n'kuiika pamakina.

"Ndiye tabwerera pa nambala satini."

"Eya, bambo."

"Mwatiposa ndi mapointi angati?"

"Imodzi."

"Imodzi." Anagwedeza mutu. "Sukulu sinapite pachabe. Wawerengera bwino."

Mayi aja ananena kanthu kokhota, akuyang'ana ine, akuyang'ana amuna awo.

"Palibe, mayi," anawayankha. "Mwanayu akutsanzika."

Koma mayiwo anali atamva. Dzanja lawo linachoka m'dzanja langa pang'onopang'ono, n'kukagona pamwendo.

"Bambo, njira ilipo," ndinatero, mawu ali pansi. "Mwa khumi ndi awiriwo, atatu amuna awo ali m'thumba. Mukakanena ku ofesi, agwa, inu mulowa."

Atelala anadzuka. Sindinawaonepo atakwiya, ndipo ngakhale tsiku limenelo sanakweze mawu.

"Mafomu a atatuwo analemba ndani?"

"Ine."

"Ndiye bwanji sunakanene wekha dzulo, uli ku ofesi komweko?"

Ndinayang'ana chikwama changa.

"Waopa kuti akawaunika onse a dzanja lako, ndi a achemwali ako omwe. Ndiye wabwera kudzandituma ine. Wandilanda nyumba, tsopano ukufuna undisandutsenso kazitape, ana a eni ake akagone panja, ine ndizikatsegula makatani m'mawa ndikuimba nyimbo? Ndakalamba, Wakoleji, koma sindinaole."

"Pepani, bambo."

"Pepani wa chani? Ndikanakhala iwe ndikanachita zomwezo. Mwana akutsokomola usiku wonse, ndimamumva, khoma lathu ndi katoni." Anakhalanso pansi. "Chomwe chandipweteka n'chakuti wabwera. Ukanangopita, ndikanakaona pachitseko ngati wina aliyense, n'kutukwana ofesi, mtima n'kukhala pansi. Tsopano nditukwane ndani? Amayi ako ndinawanyamula ndi manja awa kuwatulutsa muno. Ukufuna ndikuuze kuti palibe kanthu, kuti ukagone bwino kuholoko?"

"Ayi."

"Ndiye pita. Kanthu kalipo."

Ndinatuluka. Ndinadutsa pakati pa masaka ndi makatoni, anthu akundiyang'ana m'mipata, wina n'kufuula kuti, "Wakoleji, nanga fomu yanga ya chipatala?" Sindinacheuke.

Lachitatu Mayi Mafomu anayendera, anapeza malo athu opanda nsapato ya mwamuna. Lachisanu achemwali ananditumizira uthenga pafoni ya mnzawo wochapa naye. Munalibe mawu, munali nambala yokha: 12.

Kuholo ndinagona masabata awiri tsiku losamuka lisanafike. Tinalipo amuna oposa makumi asanu, mabedi achitsulo osanjikiza, aliyense chikwama chake pansi pa mutu. Masana ndinkazungulira pa depoti kufunsa ntchito. Wina anandiuza kuti manja anga ndi ofewa, wina anati ndaphunzira kwambiri.

Tsiku losamuka ndinabwereka wilibala kwa wogulitsa makala wa pa depoti, ndinafika kushedi dzuwa litangotuluka. Sindinalowe. Achemwali anatulutsira katundu panja: matiresi, mapoto, ndowa ziwiri, beseni lochapira, sutikesi ya amayi. Ndinamanga ndi chingwe, Wailesi n'kukwera pamwamba penipeni ngati mfumukazi. Ulendo wake unali wa ola lathunthu, chokwera. Mwanayo analankhula njira yonse.

Nyumbazo zinali m'mizere iwiri mkati mwa mpanda wa waya, zitseko zabuluu, malata akuthwanima moti maso ankawawa. Pachipata panali kanyumba, ndipo pakhomo pake panakhala bambo wonenepa wa chipewa, buku lalikulu pamiyendo. Ameneyo anali woyang'anira uja. Aliyense ankaima pamenepo asanalowe.

"Nambala?"

"Thwelofu, bwana," anatero achemwali.

Anatembenuza tsamba, akunyowetsa chala ndi malovu.

"Thwelofu. Mayi mmodzi, ana awiri. Nyumba yopanda mwamuna." Anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anayang'ana achemwali, kenako ine kachiwiri. Timafanana mphuno ndi pachipumi, aliyense amatero. "Nanga uyu?"

Kunena kuti ndine mlongo wawo wodzawaperekeza sikunali mlandu. Lamulo linkaletsa kugona, osati kuperekeza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma ndinaona cholembera chili kale pamwamba pa buku, ndipo achemwali nawo anachiona.

"Ndi waganyu, bwana," anatero msangamsanga. "Tamupeza pa depoti. Wangotinyamulira katundu."

"Si waganyu!" anafuula Wailesi ali pamwamba pa matiresi. "Ndi amalu..."

Achemwali anamutsitsa ndi dzanja limodzi, linalo litamutseka pakamwa. Woyang'anira anaseka mpaka chipewa chinapendekeka.

"Ana a masiku ano! Aliyense wowapatsa switi ndi amalume." Anatseka cholembera. "Chabwino. Iwe aganyu, katundu usiye pakhonde. M'nyumba salowa aganyu, penti idakali yatsopano."

"Chabwino, bwana," ndinatero.

Nambala 12 inali yomalizira, kumapeto kwa mzere, pafupi ndi thanki ya madzi. Achemwali analimbana ndi loko mpaka chitseko chinatseguka. Ndili pakhonde ndinaona pansi pouma, poyera, dzuwa litagwera pakati pa chipinda kudzera pawindo. Anamasula khanda n'kulikhazika pansi pomwepo, ndipo linayamba kukwawa, likumenya simenti ndi zikhatho.

Ndinatsitsa katundu mmodzimmodzi. Sutikesi ya amayi ndinatsitsa pomaliza, n'kuiimika pafupi ndi chitseko. Woyang'anira ankationa ali kuchipata.

"Ndatha, madamu?" ndinafunsa mokweza, kuti amve.

Achemwali sanandiyang'ane. Anali atagwira felemu ya chitseko ndi manja awiri.

"Mwatha," anatero. "Zikomo, achimwene."

Achimwene wake anali uja amauza munthu aliyense wa pamsewu. Anamukokera Wailesi mkati, mwanayo akufunsa kuti chipinda cha amalume ndi chiti, n'kutseka chitseko.

Ndikukankha wilibala kubwerera, woyang'anira anandiimitsa ndi mluzu.

"Aganyu! Usapite. A nambala 7 katundu wawo watsitsidwa pamsewu, alibe wowanyamulira. Ukamaliza uone a nambala 3."

Ndinapita. Ndinanyamula katundu wa nyumba zinayi tsiku limenelo, pang'onopang'ono, ulendo uliwonse ndikuzungulira cha kuthanki, chifukwa waganyu amaloledwa kukhala mkati mwa mpanda malinga katundu alipo. Ulendo wina ndinaona achemwali akusesa pakhonde. Ulendo wina ndinaona nkhope ya Wailesi itakanikizika pagalasi la windo, pakamwa pakuyenda, mawu osamveka. Ndinamukwezera chala chimodzi chokha, dzanja lili pachigwiriro.

Cha m'ma folo koloko katundu anatha. Woyang'anira ananditsegulira chipata yekha, n'kundiuza kuti ndine mnyamata wolimbikira, ndipo nyumba zina zikadzamangidwa ndidzabwerenso.